Malipenga a Pakhomo pa a Nankhoma

Kankhirani chitsa icho pamoto, ndipo amene akufuna kukataya madzi apitiretu, chifukwa ndikafika pakati palibe amene adzafune kutuluka yekha. Nkhani iyi si ya kutali ayi. Inachitika kwathu ku Dedza, kuseri kwa phiri, pakhomo loyang'anizana ndi langa. Zina ndinaziona ndi maso angawa. Zimene sindinaone anandiuza eni ake, a Nankhoma, ndipo mayi amene uja sankadziwa kukometsera nkhani.

A Nankhoma anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lawo. Akamakalipira nkhuku zawo, agalu a makomo ena ankabisala. Amuna awo, a Layitoni Mbewe, anali munthu wofatsa, amene anakalambira pa ntchito yosamala maluwa pa nyumba ina yogona alendo pa boma. Ana awo anali atabalalikira m'matauni, moti pakhomopo ankangokhala awiriwiri.

Pafupi ndi zenera la kuchipinda kwawo panali mtengo wa maluwa umene sunkapezeka pakhomo lina lililonse m'mudzimo. Masamba ake ndi aakulu, ofewa ngati a fodya. Maluwa ake ndi oyera, ataliatali, ndipo amalendewera chozondoka, kukamwa kuli pansi. Ife tinkangouti mtengo wa malipenga. Masana maluwawo amakhala ngati agona, koma dzuwa likangopendeka amatulutsa fungo lokoma loti ukaimapo nthawi yaitali mutu umayamba kulemera. Mbuzi zinkaulambalala. Ana tinkawaletsa kutola ngakhale duwa logwa lokha, chifukwa mtengo umenewo ndi poizoni kuyambira kumuzu mpaka kunsonga.

Mtengowo unali ndi mbiri yake, ndipo wamkulu aliyense ankaidziwa. Pa unyamata wawo a Mbewe anali katswiri wa mganda. Ndiwo ankatsogolera oimba malipenga a mphonda, atavala zoyera zokhazokha: malaya, kabudula, ndi masokosi ofika m'mawondo. Tsiku lina gulu lawo linaitanidwa kukapikisana kuchigwa. Lole inafika m'mawa, anyamata anakwera, koma Layitoni sanaoneke. Anamudikira, analiza wenzulo, kenako ananyamuka akunyinyirika. Iye anali kuti? Anali kwawo kwa Fanesi, mtsikana amene ankamufunsira, ndiye a Nankhoma athuwa, akumubzalira kanthambi ka maluwa kamene anathyola kuntchito. Mtsikanayo anamuchedwetsa dala ndi macheza. Lole ija sinafike kuchigwa. Inatsetsereka mu nkhungu pa khona ina ya m'phiri, ndipo onse amene anakwera anabwerako atakulungidwa m'mphasa. Layitoni sanavinenso kuyambira tsiku limenelo. Kanthambi kaja kanaphuka, iye anakwatira, n'kumanga nyumba pambali pake.

Tsono mtengo wa malipenga umaopa chisanu. Inu okulira kotentha simudziwa chisanu cha kwathu. Mu Juni ndi Julaye umatha kudzuka n'kupeza udzu wa kudambo uli mbuu ngati wina wawazapo ufa, masamba a mbatata atapsa bii popanda moto. Chaka ndi chaka, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, a Mbewe ankaugoneka mtengo wawo monga mmene mayi amagonekera khanda. Koma chaka chimene ndikunenachi, anagwa kumunda pokolola. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yonse ya kumanja itafa, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madontho a denga lothonya.

Ntchito ya mtengo inagwera a Nankhoma. Anawakhazika amuna awo pampando pakhonde, n'kuwafunditsa bulangete, iwo n'kutenga mpeni wodulira maluwa.

"Ndiyambire apa, a Mbewe?"

Bamboyo anapukusa mutu. "Pa... mwamba."

"Pamwamba pa chiyani? Nenani, ine si mlosi."

"Mpha... nda."

"Pamwamba pa mphanda. Mukanatero poyamba pomwe."

Anadula nthambi zonse zanthete, kusiya thunthu ndi mphanda zake. Anathothola masamba otsala, ndi maluwa omwe. Patsinde anaunjikapo udzu wouma wochindikala kuti mizu isamve kuzizira. Atafunsa za madzi, a Mbewe anatsina zala za dzanja lawo lamoyo, kutanthauza kuti pang'ono chabe, mwa apo ndi apo, chifukwa mtengo wogona ukaukhutitsa madzi umaola. Pomaliza anazika nsichi mozungulira, n'kukulunga ziguduli, n'kumanga ndi luzi. Lamulo linali lakuti madzulo aliwonse azifunditsa, ndipo dzuwa likakwera azivundukula kuti mtengo upume.

Masiku oyamba panalibe chodabwitsa.

Kenako m'mawa wina a Nankhoma anatsegula chitseko n'kupeza ziguduli zili pakhonde. Sizinali zomwazika ngati zouluzidwa ndi mphepo. Zinali zopindidwa bwinobwino, ngodya kukumana ndi ngodya, luzi litakulungidwa pamwamba pake. Mtengo unali chilili mbulanda, mame akuchucha m'mphanda zake.

Anawolokera kwathu nsalu atamanga m'chiuno.

"Aneba, mwa ana anuwa alipo amene wayamba kundipindira zinthu usiku?"

"Ana anga?" ndinatero ine. "Bulangete lawo lomwe sapinda."

Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Madzulo ake anamanga mfundo zolimba, zija timamangira mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri, ndipo anawaza phulusa kuzungulira mtengo wonse. M'mawa mwake ziguduli zinali pakhonde, zopindidwa ngati dzulo. Luzi silinadulidwe. Wina anakhala pansi n'kumasula mfundo imodziimodzi mosafulumira. Paphulusa panalibe phazi, ngakhale la khoswe.

A Nankhoma sanasekenso, koma sanasiye. Ankafunditsa madzulo, n'kudzuka kusanache kukafunditsanso ngati apeza povundukuka, chifukwa chisanu choopsa ndi chija cha m'bandakucha.

Kenako kunabwera fungo. Mtengo unalibe tsamba, unalibe duwa, koma dzuwa likamalowa fungo la malipenga linkadzaza bwalo lonse mpaka kufika kukhitchini kwanga. Galu wanga, amene ankadya makomo onse awiri, anasiya kuwoloka njira. Ankangokhala pamphepete, mchira uli pansi, akuyang'ana kumpanda kwa a Mbewe, malo oti panalibe chilichonse.

Pamodzi ndi fungolo kunkabwera kulira kwinakwake. Sindinganene kuti phokoso. Kunali kwapansipansi, vuu, vuu, ngati njuchi zili m'mphako kutali. Ukatchera khutu kunkasiya. Ukayamba kulankhula kunkayambiranso. Amuna anga ankati ndi mphepo m'mapaini a m'phiri. Ine ndinkavomera, chifukwa ndinkafuna kuti ikhale mphepo.

Madzulo ena a Nankhoma ankawamwetsa phala amuna awo, ndipo anamva chinthu chikugunda pansi. Gu. Gugu. Gu. Atayang'ana kunsi kwa mpando anaona phazi la kumanja la a Mbewe, lija anati linafa, likumenya pansi motsatira kulira kwa kunja kuja. Analiponda ndi phazi lawo, ndipo analimva likulimbana nawo ngati nkhuku yogwidwa mapiko. Atakweza maso anapeza a Mbewe misozi ili mbwembwembwe, phala likuyenderera pachibwano.

"Chikuchitika n'chiyani, a Mbewe?"

Bamboyo anangotembenuzira nkhope kukhoma.

Tsiku lina a Nankhoma anakumana ndi mlendo pochokera kumjigo. Kunali m'mawa wa nkhungu yoti dzanja lako lomwe ukalitambasula limaoneka ngati la wina. Pamphambano ya njira yathu ndi ya kuphiri panaima mnyamata. A Nankhoma anandiuza kuti nkhope yake anaiyang'ana ndithu, koma atangodutsa sanathenso kuikumbukira. Chimene anakumbukira ndi zovala. Zinali zoyera mbee, zosita bwino, kabudula m'chisanu chotero, ndipo pakhosi panalendewera wenzulo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, kaya inu? Simukuzizidwa ndi kabudula ameneyo?"

"Ife za kuzizira tinaiwala. Pepani, paja kwa Layitoni ndi uku?"

A Nankhoma anamuyang'anitsitsa. M'mudzi monse munalibe mwana amene akanatchula bambo wa imvi uja ndi dzina lokhalokha choncho.

"Mukuwafuniranji?"

"Tikumudikira. Anachedwa." Mnyamatayo ankalankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Komanso mayi, musamafunditse malipenga aja. Lipenga lofunditsa sililira, ndipo likapanda kulira gule sayamba. Anyamata atopa n'kuimirira."

A Nankhoma akuti mantha anawagwira, madzi a m'ndowa n'kukhavukira kumsana. Koma pakamwa pawo sipanamve nawo manthawo.

"Ngati atopa, akhale pansi."

Anawerama kuti atule ndowa. Poweramuka, pamphambano panali nkhungu yokhayokha.

Atafika kunyumba anakhala patsogolo pa amuna awo n'kufotokoza zonse, zovala, mawu, wenzulo. A Mbewe anatseka maso. Milomo yawo inalimbana nthawi yaitali.

"Jai... losi."

Jailosi ndiye anali mtsogoleri wa gulu lija. Ndiye analiza wenzulo tsiku limene lole inanyamuka.

Tsiku lomwelo, povundukula mtengo, a Nankhoma anapeza kaduwa kosatseguka, kotalika ngati chala, katatuluka pa nthambi yodulidwa. Pakati pa chisanu, pa mtengo wopanda tsamba. Anakadula n'kukakwirira kudzala. M'mawa mwake panali timaluwa tiwiri. Anadulanso. Tsiku lotsatira mpeni unasowa pamsomali pamene unkakhala zaka zonse. Anafunafuna m'nyumba monse, osaupeza, ndipo mpaka lero sunaoneke.

"Aganiza kuti ndilibe zikhadabo," anatero, n'kuyamba kuthothola ndi manja.

Apo ndi pamene analakwitsa. A Mbewe nthawi zonse ankasamba m'manja ndi sopo akagwira mtengo umenewu. Tsiku lina utsi unawalowa a Nankhoma m'maso asanasambe, ndipo anatikita diso la kumanzere. Pofika masana mwana wa diso anali atakula mpaka diso lonse kuoneka lakuda bii ngati la kadzidzi. Kuwala kunkawabaya. Mlangizi wa zaumoyo atawaona anati ndi utomoni wa mtengowo, zitha zokha pakapita masiku, asamangotikita.

Zimene mlangiziyo sanamve ndi izi. Madzulo a tsiku limenelo, a Nankhoma akumanga luzi, anayang'ana kumpanda. Kunsi kwa nkhungu, kuseri kwa udzu wa mpanda kumene kunali mipata, anaona miyendo. Inali pamzere, yoima mowongoka, yovala masokosi oyera. Pamwamba pa mawondo sipankaoneka kanthu. Atatseka diso lodwala lija, kunalibe chilichonse. Atalitsegula, miyendo inali pomwepo, ndipo pakati pa mzerewo panali mpata wokwana munthu mmodzi.

Anamaliza kumanga mfundo yawo. Akuti anachita kuibwereza kuti amene akuonerawo aone bwino.

Nkhani siigona m'mudzi. Inayenda mpaka inakafika kwawo kwa a Mbewe, ndipo mlongo wawo, a Nambewe, anatulukira ndi kachikwama kawo nkhope ili gwa. Sanadikire n'komwe kuti madzi akumwa afike.

"Alamu, mtengo uwu udulidwe lero. Ndipo achimwene ndikuwatenga, akakhale kwawo kumene kuli manda a makolo awo."

"Mukuwatengera kwawo kapena kumanda? Nenani chimodzi."

"Musandiyankhe choncho. Anthu onse akulankhula. Tadziyang'anireni diso lanulo pagalasi!"

"Diso ndi langa, ndipo likuona bwino kuposa kale."

"Ndiye mukudikira chiyani? Nkhwangwa palibe pakhomo pano? Mukadula mtengowo zinthuzi zisowa chozibweretsa."

A Nankhoma anakhala pansi, n'kuwongola miyendo, n'kulankhula mosakweza mawu, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

"Alamu, mvetserani. Ndikavundukula mtengo uwu, ndawamvera. Ndikaudula, ndawaopa. Zonse ziwiri ndiye kuti ndawauza kuti pakhomo pano olamula ndi iwo. Lero apempha mtengo, mawa apempha munthu, ndipo ndidzakana bwanji nditavomera kale kamodzi? Mtengo uwu anandibzalira achimwene anuwo ndi manja awo. Panopa ukugona. Udzadzuka nthawi yake ikakwana, osati nthawi imene akufuna anthu oti sanauthirirepo ndi tsiku limodzi lomwe."

"Mufetsa munthu chifukwa cha makani."

"Makani omwewa ndi amene amusunga mpaka lero."

A Nambewe anati sachoka mpaka atapita ndi mlongo wawo. A Nankhoma anawayalira mphasa pabalaza n'kuwauza kuti akhale mpaka atatopa.

Tsiku lenilenilo linafika mkati mwa Julaye. Nkhungu imene inagwa m'mawa sinachoke. Dzuwa silinaoneke, nkhuku zinakana kutuluka m'khola, ndipo masana ankaoneka ngati chisisira. Kuzizira kwake kunali koluma m'mafupa. Ine ndinali m'khitchini ndikuwotha moto, ndipo fungo la malipenga linalowa lamphamvu mpaka ndinamva nseru. Kulira kuja kunayamba, koma ulendo uno sikunali kutali. Kunali kuseri kwa mpanda wa a Mbewe. Ndipo pansi pake panali ng'oma. Amuna anga anandiyang'ana, osatchulanso za mphepo.

Kenako ndinamva a Nambewe akukuwa.

Ndinathamanga. Mmene ndinawolokera njira ija sindikudziwa. Nditalowa m'nyumba ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. A Mbewe, munthu woti sanaimepo chikololere chimanga, anali chilili pakati pa balaza, msana uli nji ngati msilikali, mapazi onse awiri akuponda gule, akusendera kuchitseko. A Nambewe anali atawakupatira m'chiuno, akukokedwa pansi ngati mwana wokakamira mayi ake.

"Gwirani, aneba! Gwirani!"

Ndinagwira mkono wa kumanja, wakufa uja. Unali wozizira ngati mpini wogona panja, ndipo unali ndi mphamvu ya mnyamata wolima dimba. Azimayi awiri tinkalephera nkhalamba yodwala.

A Nankhoma analowa kuchokera kunja. Sanathandize kugwira. Anaima pakati pa amuna awo ndi chitseko, n'kuwagwira nkhope ndi manja awiri.

"A Mbewe, ndiyang'aneni."

Maso a bamboyo anali kuchitseko.

"Layitoni! Ndati undiyang'ane."

Zaka zonse zimene ndinakhala nawo pafupi sindinawamvepo akuwatchula choncho. Maso aja anatsika pang'onopang'ono mpaka anapeza nkhope ya mkazi wawo.

"Ine sindikakamira munthu amene akufuna kupita," anatero a Nankhoma. "Ngati mwatopa ndi mpando uwu, ngati mwatopa n'kusambitsidwa ndi kudyetsedwa ngati khanda, nenani. Chitseko ndikutsegulirani ndekha, ndipo sindidzakudandaulani. Koma munene inuyo ndi pakamwa panu, osati mapazi anuwa."

Kunja ng'oma inkakulirakulira. Milomo ya a Mbewe inanjenjemera.

"Ndi... nawa... siya."

"Munawasiya, inde. Ndine ndinakuchedwetsani, ndipo sindinapepesepo kwa munthu. Mukanakwera lole ija mukanawapulumutsa? Mukanangowonjezera mphasa imodzi. Funso langa si limenelo. Mukufuna kupita?"

Tinadikira. Mapazi ankapondabe, koma nkhope inali pa nkhondo ina. Thukuta linatuluka pamphumi m'chisanu chonse chija.

"A... yi." Anapuma. "Fanesi. Ayi."

"Basi. Ndamva."

Anatiuza kuti tisawataye zivute zitani, n'kutuluka, n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo.

Pamene ndinaima ndinkatha kuona pazenera. Ziguduli zinali zomangabe, koma pakati pake panang'ambika, ndipo pong'ambikapo panatuluka duwa limodzi lalikulu, lotseguka lonse, loyera moti linkaoneka ngati likuwala lokha. Silinalendewere pansi monga amachitira malipenga. Linaloza kumpanda. Ine miyendo ija sindinaione. Ndinangoona a Nankhoma okha m'nkhungu, ndi udzu wa pabwalo ukugona ndi kudzuka, kugona ndi kudzuka, pamzere umodzi, popanda mphepo.

Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kugwira m'chiuno.

"Iwe Jailosi!"

Ng'oma inadukiza.

"Eya, ndikudziwa. Mayi ako atakalamba ndinkawatungira madzi ndine, ndipo atamwalira ndinawasambitsa ndine. Inu nonse amene mwaima apa, munachoka muli anyamata, ndipo mukadali anyamata. Ine ndakalamba. Ndili ndi zidzukulu zazikulu kuposa inu. Tsono pakhomo mwaimapa ndi pa mayi wanu, ndipo mundimvera. Ndi mwambo wa kuti umenewu, ana kumabwera pakhomo pa akulu n'kumamasula zimene amanga?"

Zimene anayankhidwa ine sindinazimve, ndinangomva ngati mphepo yadutsa m'bango. Koma a Nankhoma anandiuza pambuyo pake kuti mawu aulemu aja anati, malo ake pamzere akadali opanda munthu.

"Ndiye sunthanani!" anakuwa iwo. "Tsekani mpatawo! Mganda unayamba walephereka chifukwa munthu mmodzi sanabwere? Mwamudikira zaka zonsezi ngati opanda nzeru. Ndamufunsa ndekha, pamaso pa mlongo wake, ndipo wakana. Sabwera lero, sabwera mawa. Tsiku lake likadzafika adzayenda ulendo wake, osati wanu."

Anatembenuka, n'kugwira duwa lija, n'kulithothola.

"Mumafuna lipenga? Nali. Muziimba nokha."

Analiponya kumpanda. Ndinaliona likuuluka, koma sindinalione likugwa.

Kenako anachita chinthu chimene mpaka lero ndikachiganiza tsitsi limandiimirira. Anawafulatira. Anavula mpango wawo wa kumutu, n'kutseka pong'ambika paja, n'kutola luzi kuti amange. Akukoka, luzi linakungika lokha mbali inayo, ngati wina waligwira. Anakoka, linakokedwa. Anakokanso, linakokedwanso, mpaka ndinaona mapazi awo akukhwekhwerezeka pafumbi. Pamenepo anatambasula dzanja lamanzere n'kumenya m'malere, phaa, monga mmene umamenyera dzanja la mwana wopisa mumphika.

"Siya!"

Luzi linakhwefuka n'kugwa. Anamanga mfundo yawo, n'kuikoka, n'kumanganso ina pamwamba pake.

Wenzulo ndinaumva ndi makutu angawa. Unalira kamodzi, motalika. Kenako mapazi ambiri anagunda pansi nthawi imodzi, ndipo kulira kwa mphonda kunayamba kusuntha, kulowera njira ya kuphiri, kucheperachepera mpaka kunatha. M'manja mwathu a Mbewe analemera mwadzidzidzi ngati thumba la mbatata, ndipo tonse atatu tinagwera pansi. Mkono uja unali wakufanso, koma unayamba kufunda.

A Nankhoma atalowa anakhala pansi pafupi ndi mbaula, n'kuika dzanja lamanzere pamoto. Zala ziwiri zimene anamenyera zija zinali zoyera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Sizinamvenso kutentha kapena kuzizira moyo wawo wonse, ndipo ankatha kutola nazo khala la moto osadziwa. A Nambewe anawayang'ana nthawi yaitali, kenako ananyamuka, n'kutenga bulangete lawo lomwe, n'kuwafunditsa alamu awo pamapewa. Patapita masiku anabwerera kwawo okha, ndipo za nkhwangwa sanazitchulenso.

Usiku umenewo kunagwa chisanu chimene akuluakulu anati sanachionepo. Nthochi zinapsa, madimba anada, ngakhale mapapaya a pakhomo panga anafa onse. M'mawa ziguduli zinali pamalo pake, mfundo zili momwe anazisiyira. Dzuwa litakwera a Nankhoma anavundukula. Nsonga za mphanda zinali zitada. Anakanda khungwa la thunthu ndi chikhadabo, ndipo mkati munali mobiriwira. Anawanyamula amuna awo ndi mpando womwe, ine ndikuthandiza, kuti adzaone okha. A Mbewe anayang'ana pokandapo, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Ma... dzi."

"Ndikudziwa, pang'ono. Musayambe kundilamula poti mwatsala."

Kutayamba kufunda mu Sepitembala mtengo unatulutsa timasamba, ndipo mvula itagwa unachita maluwa ochuluka mpaka nthambi kuwerama. Diso lija linabwerera mwakale. Chisanu chilichonse chotsatira a Nankhoma ankadula, kuunjika udzu, ndi kufunditsa, ndipo palibe anamasulanso. Chaka china ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati anyamata aja anasiyiratu kubwera.

"Amadutsa," anatero. "Koma amadutsa mwaulemu."

A Mbewe sanayendenso, koma anakhala zaka zambiri, mpaka anaona ana a zidzukulu zawo. Anamwalira mu Okutobala, kukutentha koti ngakhale abuluzi ankafuna mthunzi. Anali pakhonde masana, ana akusewera phada pabwalo, iwo akudya bango limene mdzukulu wawo anawasendera. Anangoweramitsa mutu ngati akusinza.

Pamaliro, azimayi a kumpingo anakhala mowazungulira a Nankhoma m'nyumba ya siwa. Mmodzi, pofuna kutonthoza, anati, "Pepani mayi, limbani mtima. Atitengera bambo athu."

A Nankhoma anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, n'kumuyang'ana mayiyo m'maso.

"Konzani mawu anuwo," anatero. "Apita okha, atakhuta, dzuwa lili paliwombo. Pakhomo panga palibe amene anadzatengapo munthu."